UTSI WA M'KHITCHINI NDI MWANA WANU: ZIMENE KAFUKUFUKU ANAPEZA

Amayi anzanga, pokambirana za sewero la pa wailesi lonena za chibayo, funso limene limabwera kawirikawiri ndi ili: kodi tikasiya kuphika pa mafuwa n'kuyamba kuphikira mbaula yosatulutsa utsi wambiri, ana athu adzaleka kudwala chibayo? Funsoli linafufuzidwa konkuno ku Malawi, ndipo yankho lake linadabwitsa ngakhale madokotala.

Kodi utsi umatani m'thupi?

Nkhuni, makala, zitsononkho ndi mapesi zikamayaka zimatulutsa timwaye ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tikamapuma, timwayeti timalowa mpaka mkati mwa mapapo. Mayi amene wakhala akupuma utsi kwa zaka zambiri angathe kudwala chifuwa chokhalitsa ndi befu, matenda amene satha ngakhale amwe mankhwala. Utsi umawonjezeranso matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 3 miliyoni anamwalira chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Mwana amene ali kumbuyo pamene mayi ake akupemerera moto amapuma utsi womwewo, ndipo iye amapuma mofulumira kuposa wamkulu.

Kafukufuku wa ku Chikwawa ndi ku Chilumba

Kuyambira mu December 2013 mpaka mu 2016, ofufuza a ku Malawi pamodzi ndi anzawo a ku Liverpool School of Tropical Medicine anagwira ntchito m'midzi ya ku Chikwawa ndi ya ku Chilumba m'boma la Karonga. Ana osakwana zaka 5 okwana 10,750, ochokera m'mabanja 8,626, analowa nawo makolo awo atavomera.

Midziyo anaigawa m'magulu 150 ndipo anachita maere. Mabanja a theka la maguluwo analandira mbaula ziwiri banja lililonse. Mbaulazi zinali ndi kachipangizo kopemerera moto koyendera batire, ndipo batirelo ankalitchaja ndi dzuwa. Theka linalo linapitiriza kuphika monga mwa masiku onse, ndipo linalandira mbaula zake kafukufuku atatha. Maere anafunika kuti pasakhale kukondera, ndiponso kuti mbali ziwirizo zifanane pa zonse kupatula mbaula yokha. Ana anawatsatira kwa zaka pafupifupi 2, n'kumalemba aliyense wodwala chibayo ndi aliyense wopsa ndi moto.

Kodi anapeza chiyani?

Choyamba: chibayo sichinachepe. Mbali zonse ziwiri, pa ana 100 alionse, chibayo chinkapezeka pafupifupi ka 16 pa chaka.

Chachiwiri: kupsa kwapang'ono kunachepa kwambiri. Pamene kwa ophika pa mafuwa kunkachitika ngozi zotere 100, kwa a mbaula kunkachitika 58. Mu mbaula moto umakhala wotsekeredwa, choncho mwana wokwawa saugwira msanga. Koma kupsa kwakukulu kunachitikabe mbali zonse: ana 9 kwa a mbaula ndi ana 10 kwa a mafuwa.

Nanga chibayo sichinachepe bwanji? Ofufuzawo anaona kuti mwana sapuma utsi wa m'khitchini mokha. Pali utsi wootcha zinyalala ndi wa fodya. Komanso mbaula zinkawonongeka, ndipo mabanja ena ankabwerera ku mafuwa. Sikuti utsi ulibe vuto ayi. Chimene tiphunzirapo n'chakuti mbaula payokha siteteza mwana ku chibayo.

Ndani analipira, ndipo n'chifukwa chiyani tiyenera kudziwa?

Ndalama zinachokera ku boma la Britain kudzera ku Medical Research Council ndi nthambi yake yothandiza maiko ena, pamodzi ndi bungwe lachifundo la Wellcome Trust. Ndalama za boma ndi msonkho wa anthu wamba. Wogulitsa malonda sanena kuti katundu wake walephera. Koma kafukufuku wolipiridwa ndi anthu ayenera kuuza anthu zonse zimene wapeza, zokoma ndi zokhumudwitsa zomwe. Zotsatira za kafukufukuyu zinalengezedwa poyera kumapeto kwa 2016. Zikanabisidwa, mabanja ambiri akanakhulupirira kuti mbaula yathetsa chibayo, n'kumachedwa kupita ndi mwana kuchipatala.

Zimene zimatetezadi ku chibayo

1. Katemera. Kuyambira mu November 2011, ana a ku Malawi amalandira katemera wa chibayo ku sikelo. Amabayidwa katatu: pa masabata 6, 10 ndi 14. Onani m'buku la mwana ngati anamaliza.
2. Kuyamwitsa bere lokha kwa miyezi 6 yoyamba, osapatsa madzi kapena phala.
3. Chakudya chokwanira cha kasinthasintha mwana akayamba kudya. Mwana wonyentchera chibayo chimamugwira msanga.
4. Kumuchotsa mwana pa utsi. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mazenera. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma. Pophika, mwana akhale ndi munthu wina kutali ndi moto. Abambo asasute fodya m'nyumba.

Zizindikiro zothamangira kuchipatala

Mwana akamatsokomola, vundukulani chifuwa chake ali phee ndipo muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi. Akupuma mofulumira ngati wafika ka 60 ali wosakwana miyezi 2, ka 50 ali wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 ali wa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene akukoka mpweya, ngati akukana bere, akusanza chilichonse, akukomoka kapena ali lefu, musadikire kuti kuche. Chibayo chimachira ndi mankhwala akaperekedwa msanga.

Kupewa kupsa

Ana ambiri amapsa ndi phala, madzi otentha ndi moto wootha m'miyezi yozizira ya June ndi July. Mukaphula mphika, ikani pamene mwana sangafike. Pokonza madzi osamba, yambani kuthira ozizira m'bafa, otentha pambuyo. Musasiye mwana wamng'ono kuti aziyang'anira mnzake pafupi ndi moto. Munthu wa khunyu asakhale yekha pamoto. Usiku musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena dothi. Musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala. Ngati akuyamwa, pitirizani kumuyamwitsa m'njira.

Ofufuza akabwera m'mudzi mwanu

Zonsezi tazidziwa chifukwa amayi a ku Chikwawa ndi ku Karonga analola kuti ana awo alembedwe. Nanunso tsiku lina mungapemphedwe. Dziwani kuti kafukufuku wa zaumoyo ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu olowa nawo asanayambe. Funsani: akufufuza chiyani? Akulipira ndani? Mwana wanga amuchita chiyani? Zotsatira mudzatiuza liti? Musasaine kapena kudinda chala musanamvetse. Muli ndi ufulu wokana kapena kutulukamo nthawi iliyonse, ndipo mudzalandirabe chithandizo kuchipatala monga kale.

Kumbukirani: mbaula yabwino imachepetsa kupsa ndipo imasunga nkhuni, choncho ngati muli nayo igwiritseni ntchito. Koma mwana akayamba kupuma mofulumira, mankhwala ake ali kuchipatala. Ngati pali chimene simunamvetse, funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo.