Khola nalonso lili ndi mvula yake yobzalira

Mlimi wa ku Ngauma simungamuphunzitse za mvula yobzalira. Ikagwa usiku, m'mawa banja lonse lili kumunda, ndipo amene wasankha tsiku lomwelo kukagula sopo ku Chiponde adzalira m'mwezi wa Epulo. Koma munthu yemweyo mukamufunsa kuti ng'ombe yake inabereka liti, amayamba kuwerenga maliro ndi maukwati a m'mudzi.

Sindikumuseka. Kummwera kwa Niassa ng'ombe n'zochepa, kashembe ndi nkhondo imene inatha mu 1992 zinasiya makola apululu, choncho ambiri akuweta popanda agogo owalangiza. Mlangizi wa ziweto wochokera ku SDAE, ofesi ya boma yoona zaulimi ku Mandimba, kapena wophunzira zaulimi pa Universidade Católica ku Cuamba, akafika pakhola ayambire pa zimene mlimiyo akudziwa kale, za kumunda.

Ng'ombe yaikazi ndi munda, zokolola zake ndi thole. Bere limatha masiku pafupifupi 283. Chotsani pa 365, atsala 82. Ngati mukufuna thole chaka chilichonse, ng'ombeyo itenge bere lina m'masiku amenewo, pomwe masabata oyambirira thupi limakhala likuchira. Mvula yake yobzalira, nthawi imene imafuna nkhunzi, imabwera pa masiku 21 aliwonse ndipo siitha tsiku lathunthu. Ng'ombeyo imalira, imakwera zinzake, imaima chilili ikakweredwa, pansi pa mchira pamatuluka chinanda choyera. Ng'ombe zamakolo kawirikawiri zimaonetsa izi usiku kapena m'bandakucha, mnyamata woweta ali mtulo. Nkhunzi ikakhala ya kumudzi wina, mwaphonya. Mukaphonya kawiri, chaka chapita.

Ndiye pali nthaka. Munda woguga, ngakhale mvula igwe bwanji, chimanga chimangofiira. Ng'ombe imene yadutsa Seputembala ndi Okutobala nthiti zili pamtunda, nkhupakupa zitadzaza m'makutu, thole la chaka chatha likuyamwabe, siifuna nkhunzi n'komwe. Thupi limayamba ladzipulumutsa lokha. Mapesi ndi masamba a mtedza amene timatentha mu Juni ndiwo manyowa a munda umenewu, pamodzi ndi gaga, mchere pang'ono, ndi kuletsa thole kuyamwa likakwanitsa miyezi 7 kapena 8.

Za mbewu alimi amamva msanga, poti amadziwa mmene chimanga cha haibulidi chimabwererera m'mbuyo ukachibzala kachiwiri. Nkhunzi ndiyo mbewu yake: ikakhala m'khola zaka zoposa zitatu imayamba kukwera ana ake omwe. Sinthanani ndi mnzanu wa kutsidya, ndipo imodzi isapitirire zazikazi 25 kapena 30. Timphongo tosaoneka bwino tithenedwe.

Chotsala ndi kope la mwana wasukulu ndi cholembera. Tsiku lobereka, tsiku lokweredwa. Ng'ombe ikakweredwa pakati pa Febuluwale, ili yonenepa ndi msipu wa dzinja, thole lidzagwa kumapeto kwa Novembala, udzu watsopano ukuphuka m'dambo.