MZINDA WA ST PETERSBURG NDI NYUMBA ZAKE ZA MASEWERO

Kumpoto kwa dziko la Russia, kumene mtsinje wa Neva umathira m'nyanja ya Baltic, kuli mzinda waukulu wotchedwa St Petersburg. Anauyamba ndi Mfumu Peter Wamkulu m'chaka cha 1703 pa malo amene anali ndi madambo ambiri, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito ya thangata anafera pomwepo poumanga. Dzina lake lasinthidwa katatu: mu 1914 unatchedwa Petrograd, mu 1924 Leningrad, ndipo mu 1991 eni mudzi anasankha kubwerera ku dzina lakale. Koma pa kusintha konseku mwambo umodzi sunaleke. Dzuwa likapendeka, olemera ndi apantchito omwe amavala zovala zao zabwino napita kukaona magule ndi masewero. Tsono mlendo amene abwerako osalowa m'nyumba imodzi ya masewero wangoona makoma a mzindawo, anthu ake sanawaone.

Nyumba ya Mariinsky

Nyumba yomveka koposa zonse ndi Mariinsky Theatre, imene inatsegulidwa mu 1860 nitchedwa dzina la Maria, mkazi wa Mfumu Alexander II. Kuyambira mu 1935 kufikira mu 1992 inkadziwika ndi dzina lakuti Kirov. M'kati mwake mumalowa anthu pafupifupi 1,600, ndipo mipando yake inasanjikizana m'mwamba mozungulira, mzere pamwamba pa unzake. Ya pansi ndi ya patsogolo njokwera mtengo. Ya pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, ndiyo imene ana a sukulu ndi anthu a malipiro ochepa amakhalapo chiyambire kale.

Muno mumachitika zinthu ziwiri. Choyamba ndi opera, ndilo sewero limene mawu ake onse amachita kuimbidwa. Chachiwiri ndi gule wa ballet, amene amasimba nkhani yathunthu popanda wolankhula ndi mmodzi yemwe, koma manja, miyendo ndi nyimbo zokha. Akazi amavina ataimirira pa nsonga za zala za kumapazi, atavala nsapato zolimba kumapeto. Magule awiri a Tchaikovsky odziwika pa dziko lonse anayambira pa nsanja imeneyi: The Sleeping Beauty mu 1890 ndi The Nutcracker mu 1892. Mu 2013 anatsegula nyumba yachiwiri yatsopano kutsidya kwa ngalande, moyang'anana ndi yakale, kotero mlendo ayenera kuwerenga bwino tikiti yake kuti asalowe pa khomo lolakwika.

Ovina a m'nyumbayi amachokera ku sukulu imene lero imatchedwa Vaganova Academy. Inayamba mu 1738, ndipo ophunzira ake oyamba sanali ana a mafumu ai, koma anyamata 12 ndi atsikana 12, ana a antchito a kunyumba ya mfumu. Ana amalowa ali ndi zaka pafupifupi 10 naphunzira zaka zisanu ndi zitatu. Anna Pavlova ndi Vaslav Nijinsky anaphunzira komweko. Momwemonso Rudolf Nureyev, mwana wa banja losauka, amene mu 1961 anakana kubwerera kwao pamene gulu la Kirov linali paulendo ku Paris, napempha malo okhala kwa Boma la France.

Magazi a ku Africa

Awerengi athu adzakondwera kumva kuti mlembi wamkulu wa dziko la Russia, Alexander Pushkin, anali ndi magazi a ku Africa. Agogo a amayi ake, Abram Gannibal, anatengedwa ku Africa ali mwana, naperekedwa kwa Mfumu Peter. Mfumuyo inamlera, nimphunzitsa, ndipo pambuyo pake Gannibal anakhala mkulu wa asilikali ndi katswiri wa zomangamanga. Masewero oimba awiri amene anaonetsedwa koyamba ku Mariinsky, Boris Godunov mu 1874 ndi The Queen of Spades mu 1890, anachokera m'zolemba za mdzukulu wakeyo. Ndiponso mu 1858 Ira Aldridge, munthu wakuda wobadwira ku New York, anafika mumzindamo nasewera Othello ya Shakespeare, anthu namlandira ndi ulemu waukulu umene kwao ku America sakadaupeza m'masiku aja a ukapolo.

Kumene akuluakulu anasekedwa

Pafupi ndi msewu waukulu wa Nevsky Prospekt pali Alexandrinsky Theatre, nyumba ya masewero olankhula, yomangidwa mu 1832. Muno mu 1836 munaonetsedwa koyamba sewero la Nikolai Gogol lotchedwa The Government Inspector. Nkhani yake njakuti akuluakulu a m'tauni ina yaing'ono, odya ziphuphu onsewo, amva kuti kukubwera woyendera ntchito wa Boma mobisa. Pogwidwa ndi mantha ayesa kalaliki wina wopanda ndi khobidi lomwe, amene wangogona pa nyumba ya alendo, kuti ndiye woyenderayo, namdyetsa, nampatsa ndalama, iye nathawa nazo. Pamene azindikira kupusa kwao, uthenga ufika wakuti woyendera weniweni wafika. Mfumu Nicholas I inali pomwepo usiku woyamba. Aliyense amene anaimapo pa mzere pa ofesi akudziwa chifukwa chake seweroli likuseketsabe anthu mpaka lero.

Amene ali ndi ana apite ku Ciniselli Circus m'mphepete mwa mtsinje wa Fontanka. Inatsegulidwa mu 1877 ndi Gaetano Ciniselli wa ku Italy, katswiri wa akavalo, ndipo ndiyo nyumba yoyamba ya miyala ya masewero otere m'dziko la Russia. Kumeneko kuli oyenda pa chingwe, odumpha m'mwamba ndi anthabwala, ndipo wosadziwa chinenero cha kumeneko sataya kanthu.

Nyimbo pakati pa njala

Koma nyumba imene ili ndi mbiri yogwira mtima ndi holo yaikulu ya Philharmonia. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a Germany ndi anzao anazinga mzindawu kuyambira pa 8 September 1941 kufikira pa 27 January 1944, masiku 872. Kumapeto kwa 1941 wantchito ankalandira buledi wa magalamu 250 pa tsiku, ndipo ana ndi osagwira ntchito magalamu 125 okha. Anthu zikwi mazanamazana anafa ndi njala ndi chisanu.

M'masiku amenewo Dmitri Shostakovich, mbadwa ya mumzindamo, anayamba kupeka nyimbo yake yaikulu yachisanu ndi chiwiri, nakaitsiriza ku Kuibyshev kumene Boma linamsamutsira. Mapepala ake anabwera nawo pa ndege kupyola adani. Wotsogolera gulu la oimba a pa wailesi, Karl Eliasberg, ataitana anthu ake, anapezeka pafupifupi 15 okha okhoza kugwira chipangizo. Ena anali atafa, ena ali gone ndi njala. Oomba malipenga ankalephera kutulutsa mpweya wokwanira. Tsono Boma linawaonjezera chakudya, niitanitsanso asilikali odziwa kuimba kuchokera kunkhondo. Pa 9 August 1942 nyimboyo inaimbidwa m'holomo, nitenga nthawi yoposa ora limodzi. Mizinga ya Russia inali itayamba yaomba malo a adani kuti akhale chete, ndipo zokuzira mawu zinatumiza nyimboyo m'misewu yonse mpaka kumene kunali asilikali a Germany. Lero holoyo ili ndi dzina la Shostakovich, ndipo mlendo aliyense angathe kugula tikiti nakhala pamene anakhala anthu anjala aja.

Zoyenera kudziwa mlendo

Nthawi yabwino ndi mwezi wa June ndi kuchiyambi kwa July, pamene dzuwa limangobisala pang'ono usiku osachita mdima weniweni. Kuyambira mu 1993 Mariinsky imachita chikondwerero cha nyimbo ndi magule m'nyengo imeneyi, ndipo matikiti amatha msanga. Nkwabwino kugula pa intaneti ku nyumba ya maseweroyo, osati kwa ogulitsa a pamsewu. Polowa, jekete lalikulu la chisanu amalisiya kwa osunga zovala nalandira nambala. Belu limalira katatu, ndipo wofika litalira lachitatu saloledwa kupita pa mpando wake kufikira nthawi yopuma.

Nkhondo ya ku Ukraine imene inakula mu 2022 yakhudzanso zonsezi. Makadi a Visa ndi Mastercard a mabanki a kunja analeka kugwira ntchito m'Russia chaka chomwecho, ndipo maboma ambiri anachenjeza anthu ao za ulendo wa kumeneko. Valery Gergiev, amene wakhala akutsogolera oimba a Mariinsky kuyambira mu 1988, anachotsedwa ntchito m'nyumba zingapo za ku Ulaya kaamba kosatsutsa nkhondoyo. Wofuna kupita ayambe wafunsa ku Boma la kwao.

Chotsiriza ndi ichi: m'miyezi imene mtsinje sunaundane ndi chisanu, milatho ya pa Neva amaitukula pakati pa usiku kuti zombo zipite, naitsitsa m'bandakucha. Amene achedwa pocheza atatuluka m'masewero, malo ake ogona ali kutsidya, adzadikira pa gombe mpaka milathoyo itatsika.