Mliri Ukabuka, Asamala Ndani za Chipere cha Mwana?

M'midzi ya Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, muli kapepala kamene amayi amakasunga kuposa ndalama. Amakakulunga m'pulasitiki kuopa mvula ndi chiswe, ndipo amakatulutsa pokhapokha tsiku lopita ndi mwana kusikelo. Pakhadi limeneli palembedwa tsiku lobadwa, kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi, ndi katemera yense amene walandira. Tingati ndi pangano pakati pa boma ndi banja: mayi abweretse mwana, boma limuteteze.

Kuyambira m'chaka cha 2020 pangano limeneli lagwedezeka katatu. Kunabwera COVID-19, kenaka mantha a poliyo, pambuyo pake kolera. Pa miliri yonseyi taona chinthu chimodzi. Boma limakhoza ndithu kusonkhanitsa anthu ndi katemera kuti ligonjetse matenda omveka, koma matenda apansipansi, ofuna mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku kwa masabata ambiri, ndiwo amaiwalika mashelefu a kuchipatala akayamba kuyera. Ena mwa matenda otere ndi a fangasi, ndipo ana amavutika nawo.

ZIMENE BOMA LINALONJEZA ANA

Kholo liyenera kudziwa gawo la mwana wake, pakuti munthu sangafunse chimene sachidziwa. Mu Epulo 2006 boma la Zambia linathetsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo mu 2012 linawathetsanso m'makiliniki a m'matauni. Katemera wa ana ndi waulere. Mwana akangobadwa amalandira wa chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14 amabayidwa katemera woteteza kumatenda asanu, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Kuyambira mu 2013 kunaonjezedwa wa chibayo ndi wa kutsegula m'mimba. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi kubwerezedwa pa miyezi 18.

Kawiri pachaka, pakati pa chaka ndi chakumapeto kwake, kumachitika Sabata la Umoyo wa Ana. Anamwino ndi anthu odzipereka amanyamula mabokosi ozizira panjinga kupita kumasukulu, kumatchalitchi ndi pansi pa mitengo ya m'midzi yakutali. Ana a miyezi 6 kufikira zaka 5 amalandira vitamini A, ndipo amene akwanitsa chaka amamwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba. Ngakhale shuga wa m'sitolo, kuyambira mu 1998, amathiridwa vitamini A mwa lamulo. Makolo athu anati m'mera mpoyamba, ndipo zonsezi ndi zoteteza m'mera wa dziko.

MILIRI ITAFIKA

Anthu awiri oyamba kupezeka ndi COVID-19 mu Zambia analengezedwa pa 18 Malichi 2020, ndipo patangopita masiku awiri masukulu onse anatsekedwa. Matendawa sanali kupha ana ambiri monga anaphera okalamba, koma anawapweteka mwa njira ina. Amayi ena anaopa kupita kusikelo poganiza kuti kuchipatala ndiko kuli matenda, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ambiri anatanganidwa ndi mliri. Poona kuti ana osabayidwa akuchuluka, unduna wa zaumoyo unapereka katemera wa chikuku kwa ana osafika zaka 5 m'dziko lonse pa Sabata la Umoyo wa Ana la mu Novembala 2020.

Mu Febuluwale 2022 kunamveka kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo m'miyezi yotsatira ana enanso anapezeka nayo m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kwa anthu a ku Chadiza iyi sinali nkhani yakutali, popeza bomali lichita malire ndi Mozambique, ndipo Achewa a mbali zonse amayenderana pamaliro, paukwati ndi pamwambo wa Kulamba ku Mkaika. Mayiko oyandikanawa anagwirizana, ndipo opereka katemera anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana mankhwala m'kamwa. Kolera itabuka mu Okutobala 2023, inagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, makamaka ku Lusaka, ndipo boma linachedwetsa kutsegula masukulu kufikira mu Febuluwale 2024.

Pa ntchito zotere boma liyenera kuyamikidwa. Koma tizindikire kuti katemera ndi ntchito ya tsiku limodzi: wapereka, wachonga pakhadi, wapita. Matenda a fangasi sachizika choncho. Amafuna kuti botolo la mankhwala lipezeke lero, mawa ndi mwezi wamawa.

MATENDA A FANGASI NDI OTANI?

Tonse tidziwa chuku chimene chimamera pansima yogona kapena pachimanga chosungidwa ponyowa. Chuku, bowa ndi yisiti wofufumitsira buledi ndi a banja limodzi, limene madokotala amalitcha fangasi. Mitundu ina ya banjali imamera pathupi la munthu, ina mpaka m'mapapo ndi muubongo. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa kwa nthawi yoyamba mndandanda wa mitundu 19 ya fangasi yoopsa kwa anthu, povomereza kuti matendawa akhala akunyalanyazidwa.

Odziwika kwa kholo lililonse ndi chipere cha m'mutu. Chimafala pakati pa ana asukulu kudzera m'zipeso, zipewa, mapilo ndi makina kapena malezala ometera, ndiponso kuchokera kwa agalu ndi amphaka. Ambiri timachiyesa chinthu chachibwana chimene mwana aliyense ayenera kudutsamo. Komabe chikalekereredwa chimatupa, chimachita mafinya, ndipo chingasiye dazi losameranso tsitsi. Chinthu choyenera kuchidziwa ndi ichi: chipere cha pakhungu chimamva mankhwala opaka monga clotrimazole kapena mafuta a Whitfield, koma cha m'mutu chimalowa m'mizu ya tsitsi momwe mafuta safika. Chimafuna mapiritsi, kawirikawiri a griseofulvin, omwa tsiku lililonse kwa masabata 6 mpaka 8, pamlingo wolingana ndi kulemera kwa mwana. Mapiritsiwa amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi chakudya chamafuta, monga phala lothira nsinjiro.

Achiwiri ndi zoyera za m'kamwa mwa khanda, zooneka ngati mkaka wotsalira koma zosachoka pozipukuta. Mwana amamva kuwawa, amakana bere, ndipo sikelo yake imayamba kutsika. Mankhwala ake ndi madontho a nystatin, ndipo mawere a mayi ayeneranso kuonedwa kuti asamapatsirane. Zoyerazi zikamabwerabwera, ndi bwino kuti mayi ndi mwana ayezedwe magazi, chifukwa nthawi zina zimasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika.

Achitatu saoneka ndi maso, koma ndiwo akupha. Ndi chibayo choyambitsidwa ndi fangasi wotchedwa Pneumocystis, chimene chimagwira makanda okhala ndi kachilombo ka HIV. Pa nkhani iyi dziko lonse lapansi linaphunzira kwa Zambia. Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake a pachipatala cha UTH ku Lusaka anaonetsa mu 2002 kuti chibayochi chinali kupezeka kwambiri mwa makanda omwalira ndi matenda a m'chifuwa. Mu 2004 anatulutsa zotsatira za kafukufuku wina wa ana oposa 500 okhala ndi HIV: mwa amene anali kumwa cotrimoxazole tsiku ndi tsiku, mankhwala otchipa amene tiwadziwa kuti Septrin, imfa zinachepa ndi 43 pa 100. Ndicho chifukwa chake khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilomboka limayamba kumwa Septrin pa masabata 6. Mankhwalawa amatchinga chibayo chimenechi pamodzi ndi matenda ena. Botolo lake likasowa mwezi umodzi, khomo latseguka.

MANKHWALA AMASOWERANJI?

Chifukwa choyamba chili kutsidya kwa nyanja. Mankhwala ochuluka amene timamwa amapangidwa kunja, makamaka ku India. Mu Malichi 2020 dziko limenelo linaika malire pa kutumiza kunja mankhwala ena, ngakhale paracetamol, pofuna kusungira anthu ake. Ndege zinaima, malire anatsekedwa, mitengo yonyamulira katundu inakwera.

M'chaka cha 2021 ku India komweko kunabuka matenda otchedwa mucormycosis, amene manyuzipepala anawatcha fangasi wakuda. Anagwira anthu oposa 40,000 m'miyezi yochepa, makamaka odwala shuga amene anadwala COVID-19 ndi kupatsidwa mankhwala a steroid mopitirira muyeso. Matendawa sapatsirana, ndipo sagwira ana kawirikawiri. Koma mankhwala ake, amphotericin B, anasowa kotero kuti mu Juni boma la India linaika malire pa kuwagulitsa kunja. Mankhwala omwewo ndiwo amachiza matenda oumitsa khosi a cryptococcus, amene amapha anthu oposa 100,000 pachaka padziko lonse, ambiri a iwo kuno ku Africa, mwa anthu amene HIV yawafooketsa. Ambiri mwa omwalirawo ndi akuluakulu, ndipo kholo likapita, umoyo wa mwana umatsala pamphepo. Umu ndi mmene mliri wa ku Mumbai umafikira pakhomo la munthu wa kwa Zingalume.

Chifukwa chachiwiri chili pakati pathu. Mankhwala a boma amagawidwa ndi bungwe la ZAMMSA, limene linalowa m'malo mwa Medical Stores Limited. Amachoka ku Lusaka, kudzera kunkhokwe ya ku Chipata, kenaka kumaboma monga Chadiza, ndi kumakiliniki a kumidzi. Ulendowu ndi wautali, ndipo uli ndi mipata yambiri. Mu Januwale 2021, mliri uli pakati, nkhani ya mabokosi a mankhwala ndi zipangizo zosafika pamuyeso zimene boma linagula inafika kunyumba ya malamulo, ndipo mwezi womwewo nduna ya zaumoyo Chitalu Chilufya anachotsedwa paudindo. Mu Meyi 2025 kazembe wa dziko la United States analengeza kuti dziko lake lichotsa madola 50 miliyoni pachaka pathandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala operekedwa mwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Boma linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ndipo limenelo linali phazi lalikulu. Koma namwino wopanda mankhwala ali ngati mlimi wopanda mbewu: angolemba kapepala kuti mukagule nokha.

Kwa wa m'tauni kapepalako ndi ulendo wa mphindi khumi. Kwa mayi wa kumudzi, amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka akagulitsa chimanga, soya kapena nsawawa, ndi ulendo wa ku Chadiza kapena ku Chipata, ndi mtengo wa mapiritsi a miyezi iwiri. Ambiri amagula a sabata imodzi, chipere chikayamba kuzilala n'kusiya, ndipo chimabweranso.

BANJA LINGACHITE CHIYANI?

Choyamba, tisaleke sikelo chifukwa cha mliri. Mwana akaphonya katemera, sayambiranso. Amapitiriza pomwe analekezera, ndipo namwino sam'bweza.

Chachiwiri, mankhwala akasowa tisathamangire chilichonse chopezeka pamsika. Mafuta ambiri oyeretsa khungu ndi ena ogulitsidwa ngati ochiza zotupa zonse ali ndi steroid. Amaziziritsa kuyabwa kwa masiku ochepa, koma amapatsa fangasi mphamvu yofalikira. Zinthu zotentha khungu, monga madzi a m'batire kapena mafuta a galimoto, zimene ena amapaka pachipere, zimangosiya bala. Funsani namwino ngati pali mankhwala ena olowa m'malo, tsiku limene katundu akuyembekezeka, kapena chipatala china chimene chili nawo. Ngati mugula, onani tsiku lothera mphamvu, ndipo pewani mapiritsi ogulitsidwa padzuwa opanda chikutiro.

Chachitatu, mwana aliyense akhale ndi chipeso chake, ndipo ometa atsuke makina ake asanagwire mutu wina. Mwana mmodzi akapezeka ndi chipere, onani mitu ya abale ake onse. Akayamba kumwa mankhwala angathe kupita kusukulu, ndipo aphunzitsi aletse anzake kumuseka.

Chachinayi, khanda likamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, kapena likalephera kuyamwa, musadikire kuti kuche. Mayi amene mwana wake ali pa Septrin kapena pa ma ARV apite kukatenga ena botolo lisanathe.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Kiliniki iliyonse ya kumudzi ili ndi makomiti a zaumoyo osankhidwa ndi anthu eni ake. Ntchito yawo si kusesa pabwalo pokha. Ali ndi ufulu wofunsa kuti mankhwala anafika liti, anali angati, ndipo atha bwanji. Nyakwawa, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a miphakati angathe kulemba mayina a mankhwala amene akusowa ndi masiku ake, ndi kupereka kwa khansala, kwa Mfumu ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Dandaulo la pachitsime limatha ndi mphepo, koma lolembedwa limafuna yankho. Ndipo amene agula mankhwala odindidwa chizindikiro cha boma kwa munthu wamba adziwe kuti akuthandiza kuba botolo la mwana wa mnansi wake.

Kwa boma pempho lathu ndi lakuti pokonzekera mliri wina, pakuti udzabwera, lisawerengere masiki ndi katemera zokha. M'nkhokwe mukhalenso griseofulvin, nystatin, Septrin wamadzi ndi amphotericin B wokwanira miyezi ingapo, kuti mwana wa kwa Zingalume amene wayamba mankhwala ake awamalize.