Dzina la Dera pa Botolo la Vinyo: Malamulo a ku Western Cape

Pa mabotolo ambiri a vinyo wochokera ku South Africa pamalembedwa zilembo ziwiri, W.O., zotsatana ndi dzina la dera monga Stellenbosch, Paarl kapena Swartland. Zilembozi zikuimira mawu akuti Wine of Origin, ndipo ndi lonjezo lotetezedwa ndi lamulo lakuti mphesa zonse zimene anafululira vinyoyo zinalimidwa m'dera lotchulidwalo. Alangizi ayenera kulimvetsa lonjezoli chifukwa dzina la dera limakweza mtengo wa mbewu, komanso likhoza kutayika chifukwa cha kusasamala kwa tsiku limodzi lokha.

Mphesa za m'dzikoli zimalimidwa makamaka m'chigawo cha Western Cape. Kumeneko mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira mu May mpaka mu August, ndipo mphesa zimapsa m'nyengo yotentha ndi youma. Kutenthako kumachepa chifukwa cha madzi ozizira a m'nyanja ya Atlantic ndi mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor popeza imaumitsa masamba ndi kuchepetsa matenda a nkhungu. Munda wa m'mbali mwa nyanja ndi munda wa kuseri kwa mapiri sabereka mphesa zofanana, ngakhale mtundu wake utakhala umodzi.

Vinyo anayamba kufululidwa ku Cape mu 1659, koma malamulo a maina a madera anayamba kugwira ntchito mu 1973, chaka chimene dziko la Britain, msika waukulu wa vinyoyu, linalowa m'bungwe la zamalonda la maiko a ku Ulaya. Kwa zaka zambiri, amene ankayang'anira malamulowa ndi bungwe la Wine and Spirit Board.

Malo olima mphesa anagawidwa m'magawo olowana. Pali chigawo chachikulu, monga Coastal Region. M'kati mwake muli madera monga Stellenbosch ndi Paarl. Ndipo m'maderamo muli timadera ting'onoting'ono, monga Constantia, timene malire ake anadulidwa potsata dothi ndi nyengo. Gawo laling'ono koposa ndi munda umodzi wolembetsedwa, wa mtundu umodzi wa mphesa, wosapitirira mahekitala 6. Dzina likamatchula malo aang'ono, m'pamenenso limauza wogula zambiri. Dzina lakuti Coastal Region, ngakhale limanena za gombe, limaphatikiza Tulbagh ndi Paarl, malo otentha amene ali kutali ndithu ndi nyanja, choncho silinena zambiri za kakomedwe ka vinyo.

Pa nkhani ya dera lamulo silinyengerera: mphesa zonse ziyenera kuchokera m'dera lolembedwalo. Wofulula akasakaniza mphesa za ku Stellenbosch ndi ngolo imodzi ya ku Paarl, vinyo yenseyo sangatchedwenso wa ku Stellenbosch, ndipo amatsikira ku dzina la chigawo chachikulu. Pa mtundu wa mphesa ndi chaka chokolola lamulo n'lofewerapo. Botolo lolembedwa Pinotage kapena Chenin blanc liyenera kukhala ndi magawo osachepera 85 pa 100 aliwonse a mtundu umenewo, ndipo muyeso womwewu umagwira pa chaka chokolola. Chisanafike chaka cha 2006 muyeso wa mtundu unali magawo 75.

Zonsezi zimadalira zolembera. Wofulula amadziwitsa akuluakulu asanayambe kufinya mphesa, ndipo oyendera amafananiza zimene zinalembedwa ndi zimene zili m'migolo: munda umene mphesa zinachokera, kulemera kwake, ndi kuchuluka kwa vinyo amene watuluka. Kenaka vinyoyo amapimidwa, amalawidwa ndi gulu la akatswiri, ndipo mawu olembedwa pa botolo amavomerezedwa. Akapambana, amalandira chidindo chomata pakhosi pa botolo, chokhala ndi nambala imene munthu angaitsate mpaka kukafika kumunda. Apa m'pamene mlangizi ali ndi ntchito, chifukwa mlimi wogulitsa mphesa amene sasunga bwino mapu a munda wake ndi malisiti a pasikelo amataya mtengo wa dzinalo ngakhale mphesa zake zikhale zabwino chotani.

Chimene malamulowa sachita n'chofunikanso kuchidziwa. Sauza mlimi mtundu wa mphesa woti abzale, saika malire pa zokolola za pa hekitala, ndiponso saletsa kuthirira. Ku France, kumene ndondomeko yotere inakhazikitsidwa mu 1935, zinthu n'zosiyana. Ku Bandol, dera lotentha la m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean, vinyo wofiira ayenera kukhala ndi theka kapena kuposerapo la mphesa za Mourvèdre, ndipo amakhala m'migolo ya matabwa miyezi yosachepera 18. Njira ya ku Cape imapatsa mlimi ufulu woyesa mbewu zopirira chilala, zomwe n'zothandiza m'dera limene madzi akuchepa, monga zinaonekera pa chilala cha 2015 mpaka 2018. Kuipa kwake n'kwakuti mabotolo awiri a dzina limodzi akhoza kukhala osiyana kwambiri.

Amene amateteza dzina lake amayeneranso kusiya la mnzake. Alimi a ku South Africa anasiya dzina lakuti Champagne, ndipo vinyo wawo wothetheka wofululidwa m'njira yomweyo amatchedwa Cap Classique kuyambira mu 1992. Pambuyo pa mgwirizano ndi maiko a ku Ulaya anasiyanso maina a port ndi sherry, amene ndi a ku Portugal ndi Spain. Mu 2021 maiko omwewo analemba rooibos, tiyi wa m'mapiri a Cederberg ndi malo ozungulira, m'kaundula wawo wa maina otetezedwa, ndipo mbewuyi inakhala yoyamba ya mu Africa kulandira chitetezo chotero.