Nyumba imodzi ya kumayadi kapena mdadada wa zitseko zingapo?

Munthu akagwira ndalama yooneka, kaya ya penshoni kaya yochokera ku Johannesburg, maganizo amathamangira ku nyumba ya lendi. Mu Lilongwe ndi mu Blantyre njira zodziwika zilipo ziwiri. Ena amagula kapena kumanga nyumba imodzi ya kumpanda ku Area 47, Area 43, Namiwawa kapena Nyambadwe. Ena amakoka mdadada wa zitseko zingapo ku Area 25, Chinsapo, Ndirande kapena Bangwe. Zonsezi zimabala ndalama, koma zimafuna eni ake osiyana.

Kusiyana kumayambira pogula malo. Kumayadi mapuloti ambiri ali pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, ndipo wogula atha kufufuza ku Unduna wa za Malo ngati wogulitsayo alidi mwini wake, komanso ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki. Zimadya nthawi ndi ndalama za loya, koma mtima umakhala m'malo. M'madera ambiri omangidwa popanda dongosolo, umboni umangokhala kalata ya mfumu ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Mtengo ndi wofikirika, koma n'komwe puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri, kapena abale a wogulitsa amatulukira maziko atakumbidwa kale. Palinso funso la malo enieniwo: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba zambiri ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, m'malo amene ankakopa anthu chifukwa chotchipa.

Pa lendi, mdadada uli ndi mphamvu imene nyumba yaikulu ilibe. Ngati zitseko zilipo zisanu ndi chimodzi, mmodzi akasamuka, asanu otsalawo akulipirabe, ndipo chitseko chopanda munthu sichichedwa kupeza wolowa, poti ofuna nyumba zotsika mtengo ndi ochuluka kuposa nyumbazo. Mdadada umalolanso kumanga pang'onopang'ono: zitseko ziwiri chaka chino, lendi yake n'kugulira malata a chachitatu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Nyumba ya kumayadi imadalira munthu mmodzi. Akakhala kampani kapena bungwe, amalipira miyezi itatu nthawi imodzi, mwa mgwirizano wolembedwa. Koma akachoka, nyumba itha kukhala miyezi yopanda munthu, pamene mlonda, msonkho wa khonsolo ndi ngongole ya kubanki sizidikira.

Mtengo weniweni wa mdadada ndi nthawi ndi mtima wa mwini wake. Pa mapeto a mwezi uliwonse pamakhala nkhani: wina malipiro achedwa, wina geni sinayende, wina wasamuka usiku ali ndi ngongole ya miyezi iwiri. Pamene mita ya ESCOM kapena mpopi wa Water Board ndi umodzi, mkangano wa mayunitsi sutha, ndipo woweruza amakhala landilodi. Ichi ndi chifukwa chake eni nyumba ochenjera amayesetsa kuika mita pakhomo lililonse. Chimbudzi chimodzi cha mabanja asanu ndi limodzi chimadzaza msanga, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unationetsa kuti kuumira pa ukhondo kumaphetsa anthu. Kumayadi madandaulo ndi ochepa, koma lililonse ndi lolemera: giza ikapsa, denga likadontha pa siling'i, lendi ya mwezi wonse yapita.

Kugwa kwa kwacha kumamenya mbali zonse, koma mosiyana. Ndalama yathu itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, penti ndi malata zinakwera nthawi yomweyo. Bungwe lochita lendi kumayadi limatha kukambirana zokweza mtengo mgwirizano ukatha. Wogulitsa tomato wa mumdadada, amene ufa wamukwerera kale, sungamukwezere mofanana popanda kumuthamangitsa.

Pogulitsa nyumba, zinthu zimatembenuka. Nyumba yokhala ndi mapepala okwanira ndi pulani yovomerezeka ndi khonsolo, banki imailandira ngati chikole, choncho ngakhale wogula wodalira ngongole atha kuifikira, ngakhale kuti ogula otere ndi ochepa ndipo malonda amachedwa. Mdadada wopanda mapepala umafuna wogula wa ndalama m'manja, ndipo madobadoba akadziwa kuti mwini wapanikizika, mtengo amaugwetsa.

Choncho wokhala pafupi, wa mpamba wochepa ndi mtima woleza, mdadada ungamuthandize, bola aumange pamalo otetezeka, ndi madzi ndi zimbudzi zokwanira. Wokhala kutali, amene sangagogode pazitseko mwezi ndi mwezi, nyumba imodzi ya mapepala abwino ndiyo yomuyenera. Koma kulikonse kumene mwasankha, musapereke tambala musanaone umboni wa umwini, ndipo aliyense wolowa m'nyumba yanu asaine mgwirizano wolembedwa.