Chala cha amayi ndi thermometer

Holide yapitayi ndinachita chinthu chomwe anzanga mu staff room akundisekabe nacho. Loweruka lina m'mamawa ndinakwera minibasi pa depoti ya Kasungu kupita ku Lilongwe, kukalipira ndalama zanga kuti munthu andiphunzitse kuphika buledi ndi kupanga vinyo wa zipatso. Panalibe mayeso, panalibe setifiketi. Tinakumana pa loji ina anthu khumi ndi awiri: anamwino, atsikana a ku banki, bambo wina wopuma pantchito, ndi ine mphunzitsi wa Physics nditavala epuloni yobwereka. Mnzanga wophunzitsa masamu atamva anati, "Aphunzitsi, ndalama zakuchulukirani eti? Kuphika si timaphunzira ulere pamafuwa?"

Makalasi otere kunja si achilendo. Sukulu ya Le Cordon Bleu, yomwe inayamba ku Paris mu 1895, imaphunzitsa akatswiri ophika, komanso ili ndi makalasi aafupi a anthu ongofuna kusangalala. Bungwe la Wine & Spirit Education Trust linayamba ku London mu 1969, ndipo ena mwa omwe amachita maphunziro ake sagwira ntchito mu hotela, amangofuna kudziwa chomwe chili m'tambula mwawo. Kwathu kuno ofuna kuphika ngati ntchito amapita ku Malawi Institute of Tourism, koma kuphunzira kuphika pongocheza tikukuzolowera kumene. Mphesa sitilima zambiri, choncho vinyo wathu ndi wa zipatso zina. Kampani ya Linga ku Lilongwe imapanga vinyo wa jambula, chidede ndi magwafa.

Ine ndinapita kukapuma ku Physics. Koma Physics inandipeza pasanathe ola limodzi.

Amayi otiphunzitsa aja anateleka madzi oviikira chidede, n'kuviikamo thermometer. Madzi anabwata ndithu, koma thermometer inaima pakati pa madigiri 96 ndi 97, osasunthanso. Bambo wopuma pantchito uja anati chida chafa, paja ku sukulu tinaphunzira kuti madzi amawira pa 100. Chida chinali bwinobwino. Madzi amawira pa madigiri 100 pamalo omwe ali pa mulingo wa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Kasungu zili pamtunda, mamita oposa 1,000 pang'ono. Mpweya womwe uli pamwamba pathu ndi wocheperapo, ndiye pressure yomwe ikukankha pamwamba pa madzi m'poto ndi yocheperanso. Timathovu ta nthunzi sitivutika kwambiri kuti titukuke, choncho madzi amawira asanafike pa 100. Pa mamita 300 alionse omwe mwakwera, madzi amawira msanga ndi pafupifupi digiri imodzi.

Ndiye pali chinthu chomwe ambiri timalakwitsa pakhomo. Madzi akangoyamba kuwira, kusonkhezera moto sikuwatenthetsa kuposa apo. Nkhuni zowonjezerazo zimangosandutsa madzi kukhala nthunzi mofulumira. Ndi latent heat ya mu notsi zanu ija. Nyemba zili pa madigiri 96 kaya moto ndi wolilima kaya ndi wapang'ono. Kuno kwathu, komwe mitengo inathera m'mabalani a fodya, nkhaniyi si yongolembera mayeso. Vundikirani poto, chepetsani moto, nyemba zipsa chimodzimodzi.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri chinali pa yisiti. Amayi aja anatiletsa kuthira yisiti m'madzi a chidede asanazizire kufika pansi pa madigiri 30. Yisiti ndi chamoyo, kachilombo ka mtundu wa bowa, ndipo madzi akafika pa madigiri 55 kapena 60 kamafa. Louis Pasteur wa ku France ndi yemwe anaonetsa, cha m'ma 1857 mpaka 1860, kuti kusasa kwa zakumwa ndi ntchito ya tizamoyo. Tonse tinaima kudikira thermometer itsike. Ndili chiimire choncho ndinakumbukira amayi anga kumudzi akuphika thobwa.

Mwaonapo mmene zimakhalira. Amaphika phala lolimbako la ufa wa chimanga, n'kuliphula. Sathira chimera nthawi yomweyo. Amalisiya lipole, akulitakasa, ndipo pakapita kanthawi amapisamo chala. Chala chikapirira pang'ono osapsa, amati basi, n'kuthira chimera. Mukabwerako pakapita nthawi, phala lolimba lija lasungunuka, lasanduka lamadzimadzi, ndipo likutsekemera chonsecho shuga sanathiremo.

Chachitika n'chiyani? Ufa wa chimanga ndi sitachi wambiri, ndipo sitachi ndi unyolo wautali wa timashuga tolumikizana. Ukaphikidwa m'madzi, cha pa madigiri 60 mpaka 70 timbewu ta sitachi timamwa madzi n'kutupa, maunyolo aja n'kukolanakolana. Ndi chifukwa chake phala limalimba, ndipo nsima imachita kufuna mphamvu pa mthiko. Tsono chimera ndi chimanga kapena mawere omwe anawanyika n'kuwasiya kuti amere. Mbewu ikamamera imapanga ma enzyme otchedwa amylase, oti aphwanye sitachi wake kukhala shuga wodyetsa kamphukira. Amayi amayanika mbewuyo isanamalize ntchitoyi, n'kuisinja, ndipo ma enzyme aja amatsala ali mtulo mu ufawo. Akalowa m'phala lofunda amadzuka n'kuyamba kuduladula maunyolo. Maunyolo akafupika sakolananso, phala limapyapyala. Tizidutswa take ndi shuga, thobwa limatsekemera.

Vuto lake n'lakuti ma enzyme amenewa ndi osankha. Amagwira bwino ntchito cha pakati pa madigiri 55 ndi 70. Phala likakhala lotentha kufika cha pa 80, amawonongeka ndipo sabwereranso. Mwataya chimera chanu. Likazizira kwambiri amagwira mwaulesi, ndipo tizilombo tina timayamba kulisasitsa lisanatsekemere. Kampata kake ndi kochepa, ndipo amayi amakapeza ndi chala. Nyumba zambiri amaliwiritsanso thobwalo likatsekemera. Kuwiritsa kwachiwiriku kumaimitsa ma enzyme ndi kupha tizilombo, kuti likhalitseko lisanasase.

Inu ana a pa esiteti, zimenezi mumaziona chaka chilichonse, kungoti mu balani. Fodya wa flue-cured akangolowa, wosonkha moto samuwotcha nthawi yomweyo. Tsiku loyamba ndi lachiwiri kutentha kumasungidwa cha pa madigiri 35 mpaka 40, chinyezi chili chambiri. Tsamba likadali lamoyo, ndipo ma enzyme ake akusandutsa sitachi kukhala shuga pomwe kubiriwira kukuchoka, chikasu chikubwera. Kenako amakweza moto pang'onopang'ono kuti tsamba liume ndipo ma enzyme aime, shuga atsale momwemo, mpaka cha pa madigiri 70 poumitsa msempha wapakati. Wina akapupuluma n'kukweza moto msanga, tsamba limauma lili lobiriwira, ndipo mtengo wake ku okushoni ya Chinkhoma umakhala wa misozi. Fodya wa bale, yemwe amauma yekha ndi mphepo m'chigafa kwa masabata angapo, amatha pafupifupi shuga wake yense poti palibe moto womuimitsa. Wosonkha moto pa balani usiku ndi amayi a thobwa akulondera chinthu chimodzi.

Tibwerere ku chidede chija. Titathira shuga, amayi aja anatulutsa kachida kagalasi kokhala ndi mtovu kunsi ndi manambala kumtunda, n'kukasiya kayandame m'madzimo. Imeneyi ndi hydrometer, ndipo ndi Archimedes weniweni. Chinthu choyandama chimamira mpaka chitakankha madzi olemera mofanana ndi icho. M'madzi a shuga, omwe density yake ndi yokwera, kachidako sikamira kwambiri poti madzi ochepa okha akwanira kulingana ndi kulemera kwake. M'madzi wamba kamawerenga 1.000. Chidede chathu chinawerenga 1.085.

Yisiti ikayamba kudya shuga imatulutsa zinthu ziwiri, ethanol ndi carbon dioxide:

C6H12O6 → 2C2H5OH + 2CO2

Shuga wolemera akuchepa, ethanol yemwe ndi wopepuka kuposa madzi akuchuluka, ndiye tsiku ndi tsiku hydrometer imamira mozama. Pakatha masabata angapo ingathe kuwerenga 0.995. Opanga vinyo amachotsera nambala yachiwiri ku yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131. Apa ndi 0.090 kuchulukitsa ndi 131, kutanthauza mowa pafupifupi 12 pa 100 alionse. Popanda kulawa ngakhale dontho, munthu wadziwa mphamvu ya chakumwa chake. Yisiti wamba siipitirira kwambiri 14 kapena 15, chifukwa mowa womwe yapanga yokha umayamba kuipha.

Za carbon dioxide ndinaziphunzira mopweteka. Ndinabwera ndi chigubu cha malita 5 kunyumba. Anatiuza kuti pakamwa pake tiikepo kapaipi kopinda kokhala ndi madzi, kotulutsa mpweya koma osalola wakunja kulowa. Ine ndinaona ngati n'zamatama, ndinangotseka chivundikiro mwamphamvu. Usiku wachitatu tinadzidzimuka ndi phokoso ngati mfuti. Khoma la kukhitchini linali psuu, akazi anga anayesa pachitika ngozi. M'mawa ndikukolopa ndinawerengera zomwe ndikanayenera kuwerengera poyamba. M'chigubumo munali shuga pafupifupi kilogalamu imodzi. Shuga wa pa golosale, magalamu 342, yisiti ikamumaliza amatulutsa ma mole anayi a mpweya, ndipo mole imodzi ndi malita pafupifupi 24. Kilogalamu imodzi ndiye kuti malita cha m'ma 280, kuposa dilamu lathunthu la malita 200, onsewo akufuna kukhala m'kampata kakang'ono pansi pa chivundikiro. Munthu wophunzitsa Boyle's law chaka ndi chaka! Mpweya womwewu ndi womwe umafufumitsa buledi ndi mandasi, kungoti kumeneko umakodwa mu ufa wa tirigu wokandidwa, ndipo mowa wochepa womwe wapangika umauluka wambiri pophika.

Gawo lomaliza la kalasi linali lolawa vinyo wopangidwa kale. Apa ndinene mosabisa: ambiri a inu simunakwane zaka 18, malamulo salola kuti munthu akugulitseni mowa, ndipo ine sindikukutumani kukalawa. Ndikungofuna kukuuzani zomwe maso anaona. Anatiuza kuti tizungulitse vinyo m'tambula tisananunkhize. Poyamba ndinaona ngati mwambo wa anthu olemera, koma ndi evaporation chabe: vinyo akayala pagalasi, malo okhudzana ndi mpweya amakula, fungo limatuluka lambiri. Zambiri zomwe timati kukoma zimadutsa m'mphuno. Yesani kutafuna gwafa mutatsina mphuno, mumva kutsekemera ndi kuwawasa basi, ugwafa wake kulibe.

Kenako pagalasi panayamba kutsika timadontho ngati misozi. Pomwe vinyo wayala mopyapyala, ethanol amauluka msanga kuposa madzi, ndipo potsalapo pamakhala madzi ochulukirapo. Madzi ali ndi surface tension yaikulu kuposa ethanol, ndiye kagawo kameneka kamakoka vinyo wa pansi kukwera m'mbali mwa galasi, mpaka atachuluka n'kugwa ngati madontho. Woyamba kufotokoza zimenezi molondola anali James Thomson mu 1855, mkulu wake wa Lord Kelvin yemwe dzina lake mumalilemba pa temperature. Lero zimatchedwa Marangoni effect. Wina m'kalasimo anati misozi yambiri ndi chizindikiro cha vinyo wapamwamba. Ayi, imangosonyeza kuti mowa ulimo wambiri.

Apa m'pomwe kachasu amasiyanirana ndi zonsezi. Poti yisiti imaima yokha, wofuna mowa wamphamvu kuposa apo amatcheza. Ethanol amawira pa madigiri 78, madzi pa 100, choncho nthunzi yoyamba imakhala ndi mowa wambiri, ndipo ikazizira m'paipi imatuluka yamphamvu kangapo kuposa vinyo. Otcheza ambiri alibe hydrometer, ndipo wogula sadziwa chomwe chathiridwamo pambuyo pake. Methanol amafanana ndi ethanol m'maonekedwe, lilime silingamusiyanitse bwino, koma pang'ono pokha amawononga msempha wa maso mpaka khungu, kapena kupha kumene. Mu 2024 ku Blantyre anthu angapo anamwalira atamwa mowa wa m'makwalala. Pamenepo chala kapena lilime sizithandiza.

Zoti mungayese inu ndi ziwiri, ndipo zonse sizifuna kumwa kanthu. Tengani mabotolo atatu ofanana, lililonse muthiremo madzi theka, masipuni awiri a shuga ndi sipuni yaing'ono ya yisiti ya mandasi. Loyamba madzi ozizira a mumtsuko, lachiwiri ofunda ngati osambitsira khanda, lachitatu ongophula kumene pamoto. Mangani baluni pakamwa pa lililonse, osati chivundikiro, mwamva za khoma langa. Yezani kukula kwa baluni ndi ulusi pa mphindi 15 zilizonse, mujambule graph. Chachiwiri, tsekani kunsi kwa straw ndi phula, muthiremo timchenga mpaka iziyandama chiimire, mulembe mzere pomwe madzi afika. Kenako iviikeni m'madzi a shuga muone komwe mzerewo uli.

Sabata yatha ndinapita kumudzi ndi thermometer ya mu labu m'thumba. Amayi anali akuphika thobwa la anthu odzathandiza kumanga chigafa. Ndinawapempha kuti chala chikati basi andiuze kaye asanathire chimera. Anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu, koma anavomera. Mphika woyamba ndinawerenga 58. Wachiwiri 61. Nditawauza manambalawo anangoti, "Chabwino, tsono chotsa kagalasi kakoko, phala likupola."