CAKA CATSOPANO KU CHINA: MWANA ALIYENSE ABWELELA KWAO

Ku China caka catsopano ca makolo sicigwa pa 1 January ai. Anthu a kumeneko amawelenga masiku a mwambo potsata mwezi wa kumwamba, motelo cakaco cimayamba pakati pa 21 January ndi 20 February, nyengo yozizila ili pafupi kutha. Caka ciliconse cili ndi nyama yake mwa nyama 12. Ca 2025 cinali ca njoka.

Cikondwelelo cisanafike, banja limasesa nyumba yonse kuti tsoka la caka cakale licoke, ndipo wokongola amayesetsa kubweza ngongole zake. Koma pa tsiku loyamba tsace siligwilidwa, kuopa kusesela mwayi kubwalo. Pa zitseko amamata mapepala ofiila olembedwapo mau a mafuno abwino. Akuluakulu amasimba kuti kale kunali cilombo, dzina lake Nian, cimene cinali kugwila anthu pakutha kwa caka, koma cinali kuopa cofiila, moto ndi phokoso. Ndico cifukwa cake amaphulitsa makombola a masewela, ngakhale kuti mizinda yambili inaikapo malamulo cifukwa ca utsi ndi ngozi za moto.

Mwambo waukulu kopambana ndiwo cakudya ca usiku wotsiliza wa caka. Anthu miyandamiyanda amene anapita kukagwila nchito m'mizinda amadzaza masitima ndi mabasi kubwelela kumudzi. Kwa ambili a iwo, imeneyi ndiyo nthawi yokha pa caka yoonana ndi ana amene anawasiya m'manja mwa agogo. Wolephela kufika amasiya cisoni cacikulu pakhomo. Pa cakudyaco nsomba sisowa, pakuti m'cinenelo cao liu lakuti nsomba limamveka ngati liu lotanthauza zotsala zoculuka, ndipo ena amasiyako dala nsombayo osaitsiliza. Mizimu ya makolo nayonso imapatsidwa cakudya ndi zofukiza. Ana amapeleka ulemu kwa akulu, nalandila ndalama m'timaenvulopu tofiila.

Mwambowu unaonapo mabvuto. Mu 1967 boma la China linathetsa chuti ca masiku amenewa, nalamula anthu kupitiliza nchito, ndipo panapita zaka zoposa khumi cisanabwezedwe. Mu 2024 bungwe la UNESCO linaulemba pakati pa miyambo ya mtengo wapatali ya anthu a pa dziko lonse.

Cikondwelelo cimatha pa tsiku la 15, mwezi uli wathunthu, pamene anthu amatuluka usiku ndi nyali za mapepala, naonelela gule wa mkango m'miseu.